Kodi Munthu Wamkulu Agonjere Ndani? Phunziro la ku Nkhata Bay

Ndikudziwa kuti chilankhulo cha pano ndi Chitonga, koma mundilole ndiyankhule m'Chichewa kuti alendo nawo atolepo kanthu.

Ndabwera ndi funso lakalekale. Kodi munthu wamkulu, wamutu wabwinobwino, ayenera kugonjera ndani? Mfumu, mbusa, boma, chipani, kapena chikumbumtima chake? Kuyunivesite funsoli amaliphunzitsa ngati la azungu, lobadwira ku Germany ndi ku France. Ine ndikuti anthu a boma lino analimbana nalo zaka zoposa 100, kuyambira ku Bandawe mpaka pa doko lili apali, ndipo mayankho amene anatuluka kuno ngoyenera kuikidwa pa sikelo imodzi ndi a ku Ulaya. Mfundo yanga ndi imodzi: dziko likhoza kudzilamulira pamene anthu ake sakudzilamulira. Ife Amalawi tinazionera pamaso.

Tiyambire kwa azunguwo, koma tisachedweko. Mu 1784 mphunzitsi wa filosofi dzina lake Immanuel Kant, wa mumzinda wa Königsberg, analemba kankhani kakafupi kofotokoza tanthauzo la kutseguka maso. Iye anati anthu ambiri amakula thupi lokha, nzeru n'kukhalabe zaumwana, osati chifukwa choti ndi mbuli ayi, koma chifukwa cha ulesi ndi mantha. Buku liwaganizire, mbusa awasungire chikumbumtima, dokotala awasankhire chakudya, iwo ali phee. Chaka chotsatira anapitiriza kunena kuti ulemu wa munthu wagona pa kudziikira yekha lamulo. Apa ambiri amamumva molakwa. Kant sankanena kuti aliyense azichita zimene mtima wake wafuna. Munthu wotsata chilakolako chake ndi kapolo ngati wina aliyense. Ankanena kuti lamulo limene ukulitsata likhale loti waliyesa ndi nzeru zako, ndipo ungavomere kuti anthu onse, iwe wemwe pamodzi, alitsate. Inu a kunyanja simungavutike kumvetsa. Pa chilimira asodzi onse amamvera siginala, ndipo palibe amati umenewo ndi ukapolo, chifukwa aliyense akudziwa chimene akumverera ndipo analowa m'bwatomo atavomera yekha.

Maganizo amenewa sanagwe kuchokera kumwamba. Muzu wake uli m'tchalitchi. Mu 1521 ku Worms, Martin Luther anakana kubweza zimene analemba, pamaso pa mfumu yaikulu, ponena kuti chikumbumtima chake n'chomangidwa ndi Malemba. Mu 1762 Jean-Jacques Rousseau anawalowetsa m'ndale: lamulo limene anthu sanalivomere silingawamange. Mu 1789 anthu a ku France anaukira ufumu wawo. Kant anakondwera ndi nkhaniyo ali patali, koma m'mabuku ake anakanitsitsa kuti anthu ali ndi ufulu woukira boma. Ndipo atalemba buku lokhudza chipembedzo mu 1793, mfumu ya ku Prussia inamudzudzula, iye n'kulonjeza kutseka pakamwa pa nkhani za chipembedzo. Anasunga lonjezolo mpaka mfumuyo itamwalira mu 1797. Ndinenenso, kuti musamuyese mngelo, kuti Kant yemweyo analemba zonyoza anthu akuda. Amene anatenga mawu a ufulu aja n'kuwakhulupirira mpaka mapeto anali akapolo a ku Haiti, omwe anaukira mu 1791 n'kukhazikitsa dziko lawo mu 1804.

Nanga zinafika bwanji kunyanja kuno? Zinadzera ku Scotland. Mu 1843 abusa pafupifupi 450, motsogozedwa ndi Thomas Chalmers, anatuluka mu mpingo wa boma wa dzikolo, kusiya nyumba ndi malipiro. Chinawatulutsa n'chakuti eni minda ikuluikulu anali ndi mphamvu yoikira mpingo mbusa ngakhale akhristu ake asakumufuna. Otulukawo anayambitsa Free Church of Scotland, ndipo mpingo umenewu ndi umene unatumiza mishoni ya Livingstonia mu 1875. Mishoniyo inayambira ku Cape Maclear, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws anaisamutsira ku Bandawe. Mfundo iyi muisunge: amishoni amene anafika kuno anali ana a anthu amene anatuluka mu mpingo pofuna kudzisankhira okha mbusa.

Ndipo anapeza anthu osazolowera goli. M'zaka za m'ma 1870 Atonga anali atadzichotsa m'manja mwa Angoni a M'mbelwa n'kumanga malinga m'mbali mwa nyanja, la a Mankhambira ku Chintheche, la a Marenga ku Bandawe, ndi ena. Analibe mfumu imodzi ya mtundu wonse. Sukulu anaithamangira, ndipo posakhalitsa anyamata a kuno anali makalaliki ndi akapitawo ku Blantyre, ku Salisbury mpaka ku Joni. Munthu wodziwa kuwerenga, woyendayenda, wosazolowera kugwadira mfumu imodzi, ukamupatsa Baibulo m'manja, usadabwe akayamba kukufunsa mafunso.

Woyamba kugwedeza mishoni anali Elliot Kenan Kamwana. Anaphunzira ku Bandawe kenako ku Khondowe, koma anachoka mu 1901 atakhumudwa ndi fizi imene amishoni anakhazikitsa komanso kuchedwetsedwa ubatizo. Masiku amenewo ubatizo sunali wapafupi. Munthu ankakhala m'kalasi zaka, kuyesedwa, kubwezedwa, kuyesedwanso, ndipo wonena kuti wakhwima anali mzungu. Kamwana anapita ku South Africa, anagwira ntchito cha ku migodi, ndipo ku Cape Town anakhala ndi Joseph Booth, mzungu yemwe uja anaphunzitsa John Chilembwe n'kulemba buku lotchedwa Africa for the African mu 1897. Booth anamudziwitsa ziphunzitso za Watch Tower za Charles Taze Russell wa ku America. Chakumapeto kwa 1908 Kamwana anabwerera kuno. M'miyezi yochepa chabe anabatiza anthu oposa 9,000. Wofuna ubatizo ankangobwera n'kumizidwa, opanda kalasi, opanda ndalama. Ankalalikira kuti mu Okutobala 1914 maufumu a dziko adzatha, ndipo msonkho wa nyumba udzathera pomwepo.

Boma la atsamunda linanjenjemera. Munthuyu analibe mfuti ngakhale nthungo, koma mu 1909 anamugwira n'kumuchotsa kuno. Anakhalako ku Chinde ku Mozambique, anasungidwa ku Mulanje, kenako anatumizidwa kuzilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo sanaloledwe kudzakhazikika kwawo mpaka 1937. Atabwerera anayambitsa mpingo wake wa Mlonda, n'kumwalira mu 1956. Karl Marx anafanizira chipembedzo ndi mankhwala ogonetsa anthu osauka. Ndikadakonda akanafunsa Bwanamkubwa wa ku Zomba chifukwa chimene ankaopera mlaliki wopanda chida mpaka kumutaya pakati pa nyanja yamchere. Chipembedzo chikhoza kugonetsa, inde, koma kuno chinadzutsa anthu.

Komabe Kamwana ndimamuyeza ndi miyeso iwiri. Anthu 9,000 aja anachita chinthu chachikulu: anauza mishoni kuti chipata cha kwa Mulungu si chake. Kumeneko ndi kudziimira. Koma chiyembekezo chawo chinapachikidwa pa kalendala. Sanaitanidwe kuti amange kanthu. Anauzidwa kuti adikire tsiku. Ndipo tsikulo linawerengedwa ndi mzungu wina ku Pennsylvania. Chaka cha 1914 chitafika, m'malo mwa ufumu wopanda msonkho kunabwera nkhondo. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Guendolen inanyamuka pa doko lino kukaphulitsa sitima ya Ajeremani kutsidya, ndipo posakhalitsa anthu masauzande anagwidwa ukatengatenga. Mu Januwale 1915 Chilembwe anasankha njira ina, ya mfuti, ndipo pasanathe masabata awiri anali ataphedwa.

Munthu amene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi wina, amene ambiri a inu achinyamata simunamumvepo: Yesaya Zerenji Mwasi. Iyeyu sanathawe kalasi. Anapirira zonse, anaphunzira zaubusa, anadikira zaka zambiri, ndipo mu 1914 anadzozedwa pamodzi ndi Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, abusa achikuda oyamba a Livingstonia. Anatumikira ku Sanga, ndipo anali m'gulu la atsogoleri a West Nyasa Native Association, limodzi mwa mabungwe amene anali makolo a Nyasaland African Congress ya 1944. Mu 1933, atatumikira zaka pafupifupi 20, anatuluka n'kuyambitsa mpingo wake, Blackman's Church. Mu 1935 anaphatikizana ndi Charles Chinula ndi Yaphet Mkandawire, abusa enanso amene anasiyana ndi mishoni.

Otuluka m'mipingo ndi ambiri, mpaka lero. Chosiyanitsa Mwasi n'chakuti anakhala pansi n'kulemba zifukwa zake, chimodzichimodzi, m'chikalata chotchedwa My Essential and Paramount Reasons for Working Independently. Sanati walota maloto, sanati mngelo wamuuza. Anapereka mfundo zoti wina aliyense aziyese, azivomere kapena azitsutse. Phata lake linali lakuti mishoni ndi mpingo ndi zinthu ziwiri. Mishoni ndi mlendo wobweretsa uthenga. Mpingo ndi eni dziko amene aulandira. Chikhristu chimene mizu yake ili kutsidya kwa nyanja, chodikira chilolezo ndi ndalama za kwina, sichinakhale cha anthu a kuno, ndipo Mulungu safuna mkhalapakati wa mtundu wina kuti amve munthu wakuda. Taonani tsono. Zimene Mwasi ankapempha mu 1933 ndi zomwe zija makolo a amishoniwo anatulukira mu 1843. Ana a Chalmers anaiwala mbiri yawo, Mtonga n'kuwakumbutsa. Kwa ine, ngati pali munthu wa boma lino amene anachita ndendende zimene Kant ankatanthauza, kugwiritsa ntchito nzeru zako poyera ndi kudzimanga ndi mfundo imene ungaiteteze pamaso pa onse, ndi Mwasi. Anaposanso Kant pa chinthu chimodzi: iye sanalonjeze aliyense kutseka pakamwa.

Panalinso njira ina, ndingoidutsa mwachangu. Clements Kadalie wa ku Chifira, wophunzira wa Livingstonia, anakafika ku Cape Town, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu pa doko. Pofika mu 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, bungwe la anthu akuda lalikulu koposa kum'mwera kwa Africa nthawi imeneyo. Kadalie sanadikire tsiku la kumwamba, sanatolenso mfuti. Anaphunzitsa anthu kulembetsa, kusonkha ndi kunyanyala ntchito pamodzi. Bungwelo linasweka chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kusayenda bwino kwa ndalama, matenda amene tikuwadziwa bwino.

Tsopano tifike pa doko. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana. Dr Kamuzu Banda anabwerera pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, ndipo atsogoleri a Congress anagwidwa mbandakucha m'dziko lonse. Ogwidwa a chigawo chino ankawakweza sitima ya Mpasa. Khamu la anthu linasonkhana pa doko kufuna abale awo, ndipo asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anawombera. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain linatuma, inalemba kuti anafa anthu 20. Anthu a kuno amawerenga 31. Palibe malo ena m'dziko muno amene anataya anthu ochuluka chotere tsiku limodzi pa nthawiyo. Lipoti la Devlin linanena poyera kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo mawuwo anathandiza kugwetsa Chitaganya. Mpingo pa nthawiyi unali mbali ya anthu. Ku Khondowe, boma litafuna kusamutsa azungu a mishoni, iwo anakana, ndipo anayala miyala pa udzu kulemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge. Miyalayo ilipo mpaka lero.

Nkhani ikanathera apa, bwenzi tikuomba m'manja n'kumapita kwathu. Koma apa m'pamene funso lathu likuluma. Dziko linadzilamulira pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi itatu nduna zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo ena mwa othawa anali ana a boma lino: Kanyama Chiume wa ku Usisya, ndi Orton Chirwa. Orton anaphunzira filosofi ku Fort Hare, anakhala loya woyamba wachikuda wa dziko lino, ndipo ndi amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 pamodzi ndi Aleke Banda ndi ena, n'kuisungira Kamuzu mpando ali kundende ku Gwelo. Mu Disembala 1981 iye ndi mkazi wake Vera anagwidwa. Mu 1983 khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe, chilango chimene chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Chipani chimene anachibereka ndicho chinamudya. Ku France zinachitikanso chimodzimodzi: amene anagwetsa mfumu anayamba kudulana mitu okhaokha mu 1793 ndi 1794.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira khadi la chipani. Popanda khadi sumalowa mumsika, sumakwera basi, ayufi ali pachipata. Tonse tinagula, ena kugulira ndi makanda. Amene anakana anali a Mboni za Yehova, mbewu ya mabuku omwe aja Kamwana anabwera nawo, ngakhale iye mwini anadzasiyana nawo. Mu 1967 boma linawaletsa. Mu 1972 anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, ntchito kuchotsedwa, ndipo masauzande anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Sindinabwere kudzakuuzani kuti chiphunzitso chawo n'cholondola. Ndili ndi zambiri zimene sindigwirizana nazo, ndipo wina akhoza kufunsa ngati nawonso samangomvera likulu lawo. Koma choonadi chowawa n'chakuti pamene boma lathulathu, la munthu wakuda, linafuna kukhala mwini wa chikumbumtima cha aliyense, alimi wamba amenewa anati ayi, pamene maprofesa, abusa ndi mafumu ambiri tinali kuvina. Atsamunda anathamangitsa Kamwana mu 1909 chifukwa cha ulaliki. Ife tinathamangitsa a Mboni mu 1972 chifukwa cha khadi. Mbendera inali itasintha, koma funso la amene ali mwini wa mutu wa munthu linali pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti chitseko chinatsegukanso kuchokera kutchalitchi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena zimene aliyense ankadziwa koma palibe ankanena. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera matipate. Palibe anaukira ndi mfuti. Anthu anangosiya kunamizira kuti akuvomereza.

Ndiye mukandifunsa ngati chipembedzo ndi bwenzi kapena mdani wa kudzilamulira, ndikuyankhani kuti mbiri ya boma lino ikukana mayankho onse awiri. Mishoni yomweyo inaphunzitsa Mwasi kuwerenga ndiyo inamuyesa mwana. Ndipo mukandifunsa ngati kugwetsa ulamuliro kumabweretsa ufulu, ndikuti kumachotsa wokhala pampando, koma sikuchotsa chizolowezi chofuna wina wotiganizira. Chizolowezi chimenecho chilipobe. Lero palibe akutikakamiza khadi, koma taonani mmene timathamangira kwa mneneri wogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, osafunsa n'kamodzi komwe kumene ndalamazo zikupita. Taonani mmene voti imagulidwira ndi chitenje ndi kandalama ka tsiku limodzi, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa zimenezi. Wina anena kuti ndi umphawi. Umphawi ulipodi, sindikuutsutsa. Koma amene anaima pa doko mu 1959 sanali olemera kuposa ife.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndiyenera kuchilemekeza. Akuluakulu ena amati nkhani ya kudziganizira wekha ndi yachizungu, kwathu kuno munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo mwana wotsutsa akulu ndi wamwano. Ndikuvomera theka. Mutu umodzi susenza denga. Koma pabwalo la milandu la makolo athu munthu ankaloledwa kuyankhula, mboni zinkafunsidwa, ndipo mfumu yanzeru inkagamula itamva onse. Kuno ku Utonga, kumene mfumu yopondereza inkangoona anthu ake akusamuka kukamanga mudzi wina, musandiuze kuti kufunsa mafunso n'kwachilendo. Chachilendo ndi mtsogoleri wosafunsidwa, ndipo ameneyo anabwera ndi Bwanamkubwa n'kutsalira m'chipani.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba kwa inu aphunzitsi ndi abusa: chikalata cha Mwasi chinasindikizidwa ndi a Kachere mu 1999, ndipo n'chachifupi. Chipezeni, muchiwerenge ndi ophunzira anu, muchimasulire m'Chitonga ndi m'Chichewa, ndipo muwalole anawo achitsutse pamene akuona kuti n'chofooka. Lachiwiri kwa inu achinyamata: mwana amene anali ndi zaka 10 pa 3 Malichi 1959 lero wapitirira zaka 75. Agogo amenewa ali m'midzi mwanu. Foni muli nazo. Pitani mukakhale nawo pansi, muwafunse zimene anaona pa doko, muwafunsenso za khadi ndi za 1972, ngakhale zimene sakonda kukamba, ndipo mujambule mawu awo chaka chino chisanathe.